UKWATI UKATHA, MWANA NDI WA YANI?

Gawa Undi, mafumu athu, akuluakulu a boma, alendo olemekezeka ndi inu nonse a mtundu wa Acewa, tipempha makutu anu pa nkhani ya ana amene makolo ao alekana.

Pa mwambo wathu mwana ndi wa kucikazi. Ukwati ukatha, mkamwini anali kunyamula khasu ndi nkhwangwa nabwerera kwao, ana natsala m'manja mwa amai ao ndi atsibweni. Makolo athu sanalakwe potero, pakuti munda ndi nkhokwe zinali pamudzi pa amai, ndipo mwana sanali kusowa pogona. Koma lero atsibweni ambiri ali ku Lusaka kapena ku Migodi, kumene akulimbana ndi yunifomu, nsapato ndi mabuku a ana aoao. Atate akacoka, atsibweninso ali kutali, katundu yense amagwera mai yekha.

M'caka ca 1991 dziko la Zambia linabvomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana. Panganoli likuti kulera ndi udindo wa makolo onse awiri, ndiponso kuti mwana wolekana ndi kholo limodzi apitirize kuonana nalo, pokhapokha ngati kutero kungamuike pa ngozi. M'caka ca 2022 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la ana lochedwa Children's Code Act, limene linalowa m'malo mwa malamulo akale, pamodzi ndi lija la 1995 la cisamaliro ca ana. Tsopano khoti poweruza liika patsogolo cimene cingakomere mwanayo, osati mkwiyo wa makolo.

Ena akuopa kuti lamuloli lidzapasula mbumba. Ife tikuti iai. Mwana akacezera atate ace pa holide, sataya mtundu wa amai ace. Ndiponso ciongo cimene timamuitanira naco, kaya Phiri kaya Banda, ambiri a ife tinacitenga kwa atate.

Cotero tipempha ankhoswe: monga munakhala pansi pomanga ukwati, khalaninso pansi poumasula. Gwirizanani za kumene mwana adzagona, amene adzagula zakusukulu, ndi masiku amene adzaona kholo linalo, nkhani isanafike kukhoti. Inu amai, musatsekere atate khomo. Inu atate, mwalekana ndi mkazi, koma mwana ndi wanube. Paja akulu anati cibale ndi fupa, siciola.