Kuunika Kumene Kugwira Mankhwala Onyenga

Omvera a ku Kanyama, Chawama, George ndi makomboni ena a mu Lusaka adziwa bwino mmene zikhalira mwana akatentha thupi usiku. Cipatala ciri patali, mzere wa odwala ndi wautali, ndipo kantemba kali pafupi. Motero mai agula mapiritsi acikasu a malungo, nawayang'ana, naona kuti afanana ndi aja a ku cipatala. Koma maso a munthu aona khungu lokha la piritsi; za m'kati sazidziwa.

Nkhawa imeneyi si yacabe. M'caka ca 2017 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti m'maiko osauka ndi apakati, mwa mankhwala khumi alionse amodzi ndi onyenga kapena osakwanira mphamvu. Mu 2012 anchito a pa doko la Luanda, ku Angola, anatsegula zokuzira mau zocokera ku China, napezamo mapaketi 1,400,000 a Coartem wabodza. Awatu ndiwo mankhwala amene Zambia adasankha mu 2002 kuti akhale oyamba pociza malungo.

Njira imodzi yogwirira cinyengo cotere inacokera kwa Mmwenye wina, C. V. Raman, wophunzitsa za sayansi ku Calcutta. Mu 1921, ali m'combo pa nyanja ya Mediterranean, anazizwa ndi kubiriwira kwa madzi, ndipo pobwerera kwao anayamba kufufuza cimene cicitika kuunika kukapyola m'madzi ndi m'zinthu zina. Pa 28 February 1928, iye ndi mnzace K. S. Krishnan anatsimikiza yankho, ndipo mu 1930 Raman analandira mphotho ya Nobel.

Cimene anapeza ndi ici. Cinthu ciri conse cinapangidwa ndi tinthu tosaoneka tochedwa mamolekyulu, ndipo timeneti tinjenjemera kosaleka, mtundu uli wonse mwa njira yace, monga ng'oma yaikulu ndi yaing'ono sizilira mofanana. Kuunika kwa mtundu umodzi kukagunda tinthuti, pafupifupi konse kubwerera monga kunadzera. Koma kacigawo kocepetsetsa, ngati kamodzi mwa 10,000,000, kasiyako mphamvu pang'ono, nkubwerera katasintha mtundu. Makina akayesa kusinthako ajambula mzere wa mapiri ndi zigwa, umene uli ngati cidindo ca cala: wa laimu ndi wina, wa ufa ndi wina, wa lumefantrine wa mu Coartem ndi winanso.

Kwa zaka zambiri nchitoyi inali yocedwa, pakuti kuunikako nkofooka kwambiri. Nyali ya laser, yopangidwa mu 1960, ndiyo inaipeputsa. Lero madotolo a ku Montreal, ku Canada, amene mu 2015 anaonetsa kacipangizo konga colembera, akhoza kukhudza nako bongo pocita opaleshoni ndi kusiyanitsa nyama ya khansa ndi yamoyo. Ndiponso pali makina onyamula m'dzanja, amene oyang'anira mankhwala a ku Nigeria anayamba kugwira nao nchito ca m'ma 2010. Woyesa alozetsa kuunika pa piritsi liri m'pulasitiki yace yoonekera, osalitsegula, ndipo mphindi isanathe makina afanizira mzere wace ndi wa mankhwala enieni.

Komatu asawatame koposa muyeso. Makinawa agwira msanga piritsi la laimu lopanda mankhwala konse, koma lija lokhala ndi theka la mankhwala liwapulumuka kawirikawiri, ndipo ndilo loipa, pakuti licepetsa kutentha osapha tizirombo tonse. Utoto wa mapiritsi ena uphimbanso mzere uja. Mtengo wace nawo ndi waukulu, wosayenera kantemba kapena kliniki yaing'ono. Cifukwa cace piritsi lokayikitsa lifunikabe kupita ku laboratori, ndipo m'Zambia nchito imeneyo, pamodzi ndi yopereka ziphaso kwa ogulitsa mankhwala, iri m'manja mwa bungwe la ZAMRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2013.