Tisanaombe m'manja, tifunse: angawine?

Mawu amene ndinayankhula pa msonkhano wathu wa atsikana ku Lizulu

Achemwali anga, pano pa msika wa Lizulu palibe amagula dengu la tomato atangoona wapamwamba. Timapisa dzanja mpaka pansi. Tizitero nayenso munthu wofuna kuimira chipani polimbana ndi pulezidenti amene ali pampando.

Choyamba, musaope mpando. Joyce Banda anagwa mu 2014, Peter Mutharika mu 2020, Lazarus Chakwera mu 2025. Onsewa anali ndi boma m'manja.

Koma sikuti amagwetsedwa ndi aliyense ayi. Mu 2019 Chakwera anapeza mavoti pafupifupi 35 pa 100 alionse, malemu Saulos Chilima, mwana wa konkuno ku Ntcheu, 20. Khoti litafafaniza chisankhocho pa 3 February 2020, awiriwa anagwirizana n'kupambana ndi mavoti oposa 58 pa 100. Chiyambire pamenepo, wopambana amafunika kupeza mavoti oposa theka. Kwanu kokha sikukwana.

Ndiye nthumwi zikamapita ku msonkhano waukulu wa chipani, tizifunse mafunso atatu. Munthuyu ali ndi mavoti kunja kwa chigawo chake? Angakhale pansi ndi zipani zina? Akunena chani za mtengo wa feteleza ndi chimanga, zimene mayi wogulitsa mbatata pamsewupa akulira nazo?

Chenjeraninso ndi mawu akuti "mzimayi sangawine". Woyankhulayo atiuze wawerengera pati. Sikelo ikhale imodzi kwa onse.

Wogawa zitenje ndi ndalama amadzaza bwalo, koma bwalo si bokosi la mavoti. Lowani m'makomiti a zipani zanu tsopano, asisi, 2030 isanafike.