Kugula Nyumba Yakale ndi Kuikonza



Mwana wa mlongo wanga ndi mphunzitsi, monga ndinaliri ine kale, ndipo mkazi wace ndi namwino. Atakhala zaka 7 m'nyumba ya lendi, nabala ana awiri m'menemo, anadza kwa ine tsiku lina nati, "Atsibweni, tapeza nyumba ku Zomba. Njakale, denga lace lidontha, koma mtengo wace tingauthe. Kodi tigule?" Ndarama zimene anafuna kuponyapo ndizo zonse zimene anasunga cikwatirane, pamodzi ndi ngongole ya ku banki yoti azibweza kufikira ana ao atakula. Sindinamyankhe tsiku lomwelo, koma ndinati tiyambe takaiona. Zimene tinaona, ndi zina zimene sitinazione kufikira zitatipweteka, ndizo ndifuna kukuuzani lero.

Nyumba zakale ziripo zambiri m'maiko athu atatuwa. Zomba unali likuru la boma kuyambira 1891 kufikira 1975, pamene likuru linasamukira ku Lilongwe, ndipo m'mbali mwa phiri munatsala nyumba za njerwa zoocha, za makonde akuru ndi zipinda zazitali. Nyumba ya Mandala ku Blantyre, imene a African Lakes anaimanga mu 1882, iri ciimire kufikira lero. Ku Zambia, mu 1996, boma la President Chiluba linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa anthu okhalamo, ndipo zambiri za izo zinamangidwa m'zaka za 1940 ndi 1950. Ku Zimbabwe nakonso, ku Highfield, ku Mbare ndi ku Makokoba, nyumba zambiri zimene poyamba zinali za lendi zinakhala za eni pambuyo pa 1980. Cimene cikopa munthu pa nyumba zotere si mtengo wokha iai. Ziri pafupi ndi msika, sukulu ndi cipatala. Mseu ndi madzi zinafika kale. Ndipo kumene kuli khonde lalikuru ndi khoma locindikala, m'katimo mukhala mozizira ngakhale mu October.

Koma akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere zoyamba tinazipeza m'mapepala. Amene anafuna kugulitsa nyumbayo anali mwana wacisamba wa mwini wace, ndipo mwiniyo anamwalira kale. Anali munthu waulemu, wosafuna kunyenga. Koma loya atapita kukafufuza ku ofesi ya kaundula wa malo, anapeza kuti dzina la pa cikalata linali likali la malemu, ndi kuti panali alongo atatu ndi mai wao wokalamba amene sanafunsidwe kanthu. Ku Malawi lamulo la cuma ca masiye la 2011 lipatsa mkazi wamasiye ndi ana onse gawo lao pamene malemu sanasiye wilo, ndipo nyumba ya malemu igulitsidwa ndi iye yekha amene khoti lampatsa kalata yoyendetsera cumaco. Tinadikira miyezi 5 kuti banjalo ligwirizane ndi kutenga kalatayo. Mwana wa mlongo wanga anafuna kupereka theka la ndarama msanga, kuopa kuti wina angamtsogolere. Ndinamletsa, ndipo anandikwiyira masabata awiri.

Funsaninso za nthaka imene nyumba yaimapo. Nyumba zambiri za m'matauni ku Malawi ndi ku Zambia ziri pa malo obwereka kwa boma, kawirikawiri kwa zaka 99. Werengani zaka zotsala, pakuti a banki adzaziwerenga asanakukongozeni. Ku Zimbabwe nyumba zambiri za m'malokeshoni ziribe cikalata ca umwini, koma pangano la khonsolo lokha, ndipo kusintha dzina kucitika ku khonsolo komweko. Ndipo kulikonse, muone ndi maso anu malisiti a msonkho wa mzinda, a madzi ndi a magetsi, cifukwa ngongole zotere zikonda kutsala pa nyumba, mwini wakale atacoka.

Kucedwa kuja kunatithandiza pa cinthu cimodzi. Poyamba tinaiona nyumbayo mu September, kuli gwa, zonse zouma. Pamene mapepala anali kutha tinapitanso mu February, mvula ya ku Zomba iri kutsika m'phiri, ndipo inali ngati nyumba yina. Cotero ndikuti kwa inu, nyumba yakale muzikaiona m'dzinja, ndipo mukwere kudenga ndi nyali ndi msomali waukuru m'manja. Ife tinapezako mileme yambiri, ndi kuwala kolowa pa ziboo za misomali. Malata ace anali ocindikala koposa ambiri a masiku ano. Anadyeka ndi dzimbiri m'molumikizana mokha ndi m'mphepete, ndipo oposa theka anafuna misomali yatsopano ndi utoto basi. Mmisiri woyamba amene tinamfunsa anati ticotse onse, iye adzatithandiza kutaya akalewo. Ndinazindikira kuti anawafuna yekha.

Msomali uja ndi wobayira mitengo. Mtengo wamoyo ukana msomali, koma umene ciswe cadya m'kati ungokhala khungu, ndipo msomali ulowa ngati m'nsima. Mitanda yakale ya denga lija inali ya mkungudza wa ku Mulanje, ndipo pobaya inatulutsa pfungo lace lija. Ciswe sicinaikhudze. Mtengo umenewu, umene unachedwa mtengo wa pfuko la Malawi mu 1984, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo, ndipo kuudula nkoletsedwa. Cotero amene ali nao kudenga kwace ali ndi cinthu coti sangacigulenso. Momwemonso zitseko za mlombwa, umene anzathu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe aucha mukwa, ndi matabwa a pansi a mukusi. Koma pamene wina anaikapo matabwa a paini osanyika m'mankhwala, ciswe cinamaliza, ndipo njira zace zadothi zinali kuoneka m'khoma kucokera pansi. Musathamangire mankhwala a m'mabotolo opanda dzina ogulitsa pa msika. Mankhwala amphamvu akale aja, dieldrin ndi chlordane, analetsedwa ndi pangano la maiko la ku Stockholm la 2001 cifukwa sacoka m'nthaka ndi m'thupi la munthu. Itanani odziwa nchito imeneyi, ndipo kumbukirani kuti ciswe citsata cinyezi.

Tsono ndinene kulakwa kwathu, pakuti nanenso ndinali pomwepo ndipo ndinabvomereza. M'munsi mwa makoma a zipinda ziwiri munali monyowa, ndipo pulasitala anali kuyoyoka ngati ufa. Womanga wina anati mankhwala ace ndi simenti yambiri, ndi utoto wa mafuta pamwamba. Tinamlola. M'cilimwe khoma linaoneka bwino ndithu, losalala ndi lonyezimira. Koma dzinja lotsatira cinyezi cinaturukira pamwamba pa simentiyo, patali koposa kale, utoto unacita matuza, ndipo pogogoda khoma linalira ngati ng'oma. Titaswa pang'ono tinapeza njerwa zafewa, zoti nkuzikanda ndi cikhadabo.

Amene anatimasulira ndi nkhalamba yina imene inagwira nchito yomanga moyo wace wonse. Ndiyesa kukufotokozerani monga ndikadafotokozera ana a sukulu. Nonse mudziwa mtsuko wadothi. Madzi apyola pang'ono pang'ono m'dothi lace, naumira kunja, ndipo ndico cifukwa madzi a mumtsuko azizira. Khoma lakale liri comweco. Njerwa zace zinaochedwa ndi nkhuni, nzofewa, ndipo anazimanga ndi dothi kapena njereza. Pa nyumba zakale zeni zeni sanaike kanthu pa maziko koletsa madzi kukwera. Cotero khoma limwa madzi a m'nthaka, koma liwatulutsanso, cifukwa pulasitala wa njereza alola mpweya kupita. Mukalimata simenti yolimba ndi utoto wa mafuta mwatseka poturukira, ndipo madzi akwera m'kati kufunafuna njira, nabvunditsa njerwa ndi mafelemu a zitseko.

Nkhalambayo sinayambe ndi khoma. Inazungulira nyumba kunja, niloza maluwa amene anabzalidwa motsamira cipupa, niti tikumbe pamenepo. Pansi pa dothi tinapeza ngalande ya njerwa yozungulira nyumba yonse, yomangidwa bwino, imene inakwiririka zaka zambiri zapitazo. Dothi la kunja linali litakwera koposa pansi pa m'nyumba. Tinafukula ngalandeyo, tinatsitsa dothi kuti likhale masentimita 15, ndiwo mainchesi 6, kunsi kwa pansi pa m'nyumba, ndipo tinakonza zolandirira madzi a padenga. Kenaka tinagumula simenti yonse ija, tinaleka khoma liume cilimwe cathunthu, ndipo tinalimata ndi muyeso umodzi wa njereza pa miyeso itatu ya mcenga. Nchito imodzi tinailipira kawiri. Ndarama zimene anasungira khichini zinathera pamenepo.

Za ming'alu ndinene mwacidule. Mng'alu woonda ngati tsitsi suopsya. Woopsya ndi umene utsata mizere ya njerwa ngati makwerero, kapena wokula kumwamba ndi kucepa pansi. Matani kapulasitala pang'ono popingasa mng'aluwo, lembani tsiku pambali pace, ndipo muone ngati kasweka patapita dzinja ndi cilimwe. Kakasweka, khoma liri kuyenda, ndipo afunika injiniya. Yang'ananinso bulugama kapena mtengo wina waukuru pafupi ndi maziko. Ndipo popeza tikhala m'dziko la zibvomezi, monga tinaonera ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009, mufunse injiniyayo ngati nkotheka kumanga lamba wa konkire ndi zitsulo pamwamba pa makoma pamene denga lasasulidwa, pakuti nyumba zambiri zakale ziribe lambayo.

Pali zinthu zitatu zimene zingapweteke thupi, ndipo pa izi ndipempha amai amvetsere kwambiri. Coyamba ndi asibesitosi, amene anakumbidwa ku Zvishavane ndi ku Mashava, ndipo anafolera nyumba zambirimbiri m'maiko onse atatu. Akakhala wosasweka, mlekeni. Coopsya ndi pfumbi lace pomceka, pomboola kapena pomkwecha, pakuti lilowa m'mapapo, ndipo nthenda yace ioneka patapita zaka 20, 30 kapena 40. Ngati ayenera kucoka, amnyowetse, amcotse wathunthu, ndipo ana asakhale pafupi. Caciwiri ndi utoto wakale wa pa zitseko ndi mazenera, umene kawirikawiri uli ndi mtobvu. Mtobvu uononga bongo wa mwana wamng'ono. Musaupale uli wouma, musauoche ndi moto, ndipo mwana wokwawa asalowe m'cipinda cimene muli kupala. Cacitatu ndi mawaya a magetsi. Akale anakutidwa ndi mphira, ndipo mphirayo ikakalamba ifumbutuka, nisiya waya pamtunda pakati pa matabwa ouma a kudenga. Ife tinawasintha onse tisanagonemo, ndi mmisiri wa cikalata ca boma. Pa ici cokha sitinanenerere mtengo.

Za ndarama, maganizo anga ndi akuti amene atha kulipira mtengo wa nyumba, osatsala ndi kanthu m'thumba, sanakonzeke kugula nyumba yakale. Asiye gawo labwino la kukonzera, ndipo ayambe ndi denga, ngalande, matabwa ndi mawaya. Utoto ndi makatani zidze potsiriza, ngakhale ndizo zimene alendo aona. Denga likonzedwe pakati pa May ndi October. Mmisiri alipidwe gawo ndi gawo monga nchito iri kutha, ndipo simenti musagule yambiri nthawi imodzi, cifukwa iuma m'thumba. Banja lija linakhala miyezi 8 m'cipinda cimodzi, kuphika pa mbaula pakhonde. Si onse angapirire zotere, ndipo ndinamva kuti panali masiku ena amene mwamuna ndi mkazi sanalankhulane.

Anakangananso pa za khonde. Mpongozi wanga anafuna kulitseka ndi njerwa kuti likhale cipinda ca ana, ndi kuika mazenera a citsulo m'malo mwa a matabwa. Sindimtsutsa, pakuti iye ndiye asesa ndi kulera ana m'menemo, ndipo nyumba ya munthu si yosungiramo zakale ngati ya nambala 394 ku Chilenje, m'mene Dr Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 kufikira 1962. Nyumba zolembedwa m'kaundula wa zakale zifuna cilolezo capadera musanazisinthe, ndipo kuonjeza cipinda pa nyumba iriyonse ya m'tauni kufuna kuti khonsolo ibvomereze pulani. Koma ndinamuonetsa kuti khoma lokhalo limene silinanyowe konse ndilo la pansi pa khondelo. Anagwirizana kutseka mbali yakumbuyo yokha, ndi kusiya yakutsogolo. Mazenera anawakonza kalipentala, nasintha matabwa obvunda okha.

Lino ndi dzinja lacitatu cilowere m'nyumbamo. Ndinapitako mwezi wathawu, mvula iri kugwa, ndipo ndinayenda ndi dzanja langa m'munsi mwa makoma awiri aja. Limodzi lauma. Linalo likali lozizira pa ngodya ya kuphiri, ndipo tiyesa kuti mpopi wakale wa citsulo uli kudontha pansi pa nthaka. Adzakumba mu June. Khichini sanaikonzebe, ndipo mileme yina yabwerera kudenga.