Mpikisano wa Mbedza pa Maiwe a ku Nchenachena

Inu mafumu, ndi inu abambo ndi amai amene muli ndi maiwe a nsomba kuno ku Nchenachena, ndikupemphani kuti mumve mau anga kufikira nditatha, pakuti ndidziwa kuti ena mwa inu ayamba kale kuseka. Mwamva kuti Mlangizi afuna kuti amuna a ndebvu zao akhale pa gombe ndi mbedza monga ana othawa sukulu, napikisane. Nzoona, ndico cimene ndifuna. Koma mlandu umene ndadzera ndi wa ndiwo, ndi wa maiwe anu amene adzala ndi tinsomba tosakula.

Nchito ya kuweta nsomba si yacilendo pano. M'caka ca 1952 Boma linakhazika nchito ya nsomba pa Nchenachena, pamene madzi otsika ku mapiri a Nyika saphwa ngakhale m'cirimwe, ndipo anayesa kuweta makumba ndi cilunguni m'maiwe okumba ndi manja. Malo a ku Domasi, kufupi ndi Zomba, anadza pambuyo pace. Tsono agogo anu anali mwa oyamba m'dziko lino kuona kuti nsomba, zimene inu pa Citumbuka mumati somba, ziwetedwa monga nkhuku. Koma bvuto limene linasautsa iwo lisautsanso inu lero, ndipo ndi ili. Makumba ayamba kuswana akali ang'ono. Yaikazi isunga mazira m'kamwa mwace kufikira ataswa, ndi ana omwe athawira m'kamwamo pakuona mdani, cotero akufa ndi owerengeka. Cilunguni naco cikumba cisa pansi, ndipo yaimuna ndi yaikazi zilonda ana pamodzi. Pakutha caka dziwe ladzala, cakudya sicikwanira, ndipo nsomba zonse zikhala zofanana ndi zala ziwiri. Ndi monga munthu wobzala mbeu khumi za cimanga pa phando limodzi, wosazulirako: mapesi aoneka ambiri, koma nkhokwe ikhala yopanda kanthu.

Mukakoka khoka la maso akulu mucotsa nsomba zazikulu, zimene zikadakhala makolo abwino, nimusiya zopinimbira. Masikito ndi katupe sindifuna ndi kuzinena komwe, pakuti masikito asesa ndi ana omwe, ndipo katupe apha zonse, natsika ndi madzi kumka kwa mnansi wanu wa kumunsi. Koma mbedza isankha. Mwini wace aona nsomba iri yonse m'dzanja lace, naweruza ngati ipita ku mphika kapena ibwerera m'madzi. Munthu mmodzi sangathe kuzulira dziwe ndi mbedza imodzi. Anthu khumi ndi awiri opikisana angathe m'mawa umodzi.

Mwambo wa mpikisano uwu ucokera ku England, kumene anthu a nchito za m'mafakitale anazolowera kupikisana pa mitsinje ndi pa nyanja zazing'ono tsiku lopuma. Mpikisano wao woyamba wa dziko lonse unacitika m'caka ca 1906 pa mtsinje wa Thames. Macitidwe ace ndi awa. Akhoma zikhomo za manambala pa gombe, ndipo munthu ali yense atola nambala m'thumba, nakhala pa cikhomo cace osacokapo. Ayamba onse pamodzi pakumva mluzu, naleka onse pamodzi, kawiri-kawiri atatha maora 5. Pamenepo ayesa nsomba pa sikelo. Iwo asunga nsomba zamoyo m'kaukonde komira m'madzi, ndipo atayesa azibweza zonse, pakuti kwao ndiwo ziri kale pa moto. Ife pamenepo sitidzawatsata. Koma gwirani cinthu cimodzi ici, cimene ciri mutu wa nkhani yonse: wopambana ndiye amene nsomba zace zonse pamodzi zilemera koposa, si amene wagwira imodzi yaikulu ai. Cifukwa cace wanzeru alondola tinsomba tambiri, ndipo pakutero acita nchito imene mwini dziwe afuna.

Sankhani dziwe lalikulu koposa, mwini wace atalola ndi mfumu itadziwa. Zikhomo zitalikirane mikwamba iwiri kapena itatu, kuti zingwe zisakolane. Maere musawasiye, ngakhale pali akulu amene afuna kusankha okha pokhala, pakuti mbali zonse za dziwe sizilingana: kosaya madzi afunda msanga ndipo nsomba zidya m'mawa, koma polowera madzi a m'ngalande pamazizira. Nyengo yabwino ndiyo ya October ndi November, mvula isanagwe. M'miyezi ya June ndi July madzi a ku Nyika azizira kotero kuti makumba angokhala phee pansi, osasamala ngakhale nyambo yokoma. Maora 3 akwanira, kuyambira dzuwa litakwera pang'ono.

Tsopano za zida. Dulani nsungwi yopyapyala yowongoka, ya mikwamba iwiri, ndipo muiumitse pa mthunzi. Cingwe cikhale ca nailoni yaing'ono, cofupikirapo pang'ono kuposa nsungwiyo, kuti potukula nsomba ifike m'dzanja lanu osaimirira. Pa mbedza ndi pamene ambiri alakwa. Kamwa ya makumba ndi yaing'ono, ndipo nsomba iyi simeza monga mlamba. Ingoyamwa nyambo ndi kulabvula. Gulani mbedza yosaposa mbeu ya nyemba. Ku sitolo kumbukirani kuti nambala ikakula mbedza icepa, cotero funsani ya nambala 12 kapena 14. Kanizani kamano kace ka m'mbuyo ndi citsulo kuti kaphwe, ndipo mudzakolola nsomba msanga osaing'amba mlomo, nimudzabweza zoyenera kubwezedwa ziri zamoyo. Coyandama dulani ku phesi louma la cimanga, utali wa cala caching'ono, kapena munga wa nungu ngati muli nao. Pamwamba pa mbedza, danga la dzanja limodzi, manganipo kamtobvu kapena kawaya kolemera pang'ono, kongokwanira kuimika kaphesiko ciriri, nsonga yokha yoonekera. Kaphesi kakakulu kogona ca m'mbali sikanena kanthu. Nsomba idya nyambo yonse mwini wace ali kuyang'ana ku mapiri.

Mluzu usanalire, yesani kuya kwa madzi pa malo anu. Mangani kamwala ku mbedza, mutsitse pansi, ndipo musunthe kaphesi kufikira kataima pa nkhope ya madzi. Mukatero mwadziwa pansi. Cotsani kamwala, nimutsitse kaphesi zala zinai kuti nyambo ilendewere pamwamba pa matope.

Koma cinsinsi cacikulu ciri pa kuitana nsomba, ndipo ici ndinaciphunzira ndi manyazi. Tsiku lina tinayesana pa dziwe lina ndi anyamata a m'mudzi. Ine ndinadza ndi mbedza yaikulu ndi nyongolotsi yonenepa, ndipo ndinakhuthulira madeya odzala nsengwa m'madzi nthawi imodzi, ndi kunena mumtima kuti nsomba zonse zidzasonkhana kwa Mlangizi. Zinasonkhanadi, zinadya, zinakhuta, ndipo mbedza yanga sizinaiyang'ane. Pafupi ndi ine panakhala mnyamata woweta mbuzi, wa kabudula wong'ambika, ndi kambedza kakang'ono ndi ciswe m'cikho. Iye anali kuponya madeya a pa nsonga za zala, pang'ono pang'ono, pa malo amodzi-modzi. Pakutha iye anali ndi nsomba 34, ine 3, ndipo amai a pa mudzipo sanaiwale kufikira lero.

Tsono citani cotere. Nyowetsani madeya, musanganize ndi dothi la pa culu kuti alemere, ndipo muumbe mipira yolingana ndi dzira la nkhuku. Poyamba ponyani iwiri yokha, pansi pa nsonga ya nsungwi yanu. Pambuyo pace ponyani kambeu kamodzi ka madeya nthawi iri yonse mukagwira nsomba ziwiri kapena zitatu. Madeya asungunuka nacita mtambo m'madzi. Nsomba zimva pfungo, zidza, zipeza zakudya zocepa, ndipo ziyamba kulimbirana. Nsomba yolimbirana ndi inzace siyang'anitsa nyambo. Masese a mowa nao aitana bwino. Cofunika ndi kuponya pamodzi-modzi, pakuti womwaza uku ndi uku abalalitsa yekha nsomba zace, nadyetsera mnzace wa pa cikhomo cina.

Nyambo ya pa mbedza ikhale yamitundu iwiri kapena itatu, pakuti cimene zidya m'mawa zingacikane dzuwa litakwera. Nyongolotsi zazing'ono zofiira za pansi pa nthoci kapena za m'mbali mwa khola ziposa zazikulu. Dulani kacidutswa, ndipo nsonga ya mbedza ioneke pang'ono. Ciswe ndi cabwino kwambiri, ndi inswa zomwe zikatuluka ndi mvula yoyamba. Nsima ya dzulo yokanya ndi nsinjiro pang'ono igwira, koma icoka msanga pa mbedza. Angerezi akhulupirira mphutsi koposa nyambo zonse, ndipo azigula m'sitolo ndi ndalama. Ndidziwa kuti ambiri a inu muzinyansidwa, koma nsomba sizinyansidwa. Cilunguni, ca cifuwa cofiira cija, ndi cakudya masamba: ciyeseni ndi kansonga kanthete ka kholowa kapena mbeu imodzi ya cimanga caciwisi, kufupi ndi udzu wa m'mbali.

Khalani pansi, musaimirire, ndipo cithunzi canu cisagwere pa madzi. Musaponde mwamphamvu pa gombe, pakuti nsomba imva kugunda kwa phazi kupyola m'nthaka. Kaphesi kakayamba kunjenjemera musakoke. Iyo iri kulawa cabe. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Koma kakamira, kapena kakayenda ca m'mbali, tukulani ndi dzanja lokha, pang'ono, si ndi phewa lonse monga wothyola nkhuni. Ndaona anthu akuponya nsomba pa mitu yao kufikira m'munda wa khofi wa kumbuyo. Nsomba ikakodwa, muikokere pambali msanga, icoke pakati pa zinzace isanaziopse.

Nthawi zina nsomba zileka mwadzidzidzi. Musafulumire kunena kuti zatha kapena kuti mnzanu ali ndi mankhwala. Kawiri-kawiri zakwera m'mwamba kutsata madeya amene muli kuponya, ndipo nyambo yanu yatsala pansi pao. Tsitsani kaphesi kufupi ndi mbedza, dzanja limodzi kapena awiri, ndipo mudzazipezanso. Zikapanda kubwera, sinthani nyambo.

Za mlamba ndinene pang'ono. Iye adya pansi peni-peni, akonda matumbo a nkhuku ndi nyongolotsi yaikulu, ndipo afuna cingwe colimba ndi mbedza yaikulu. Mlamba mmodzi angalemere kuposa makumba 20 a m'dziwe lodzala. Cotero amene aona kuti watsalira kutali, nthawi iri pafupi kutha, angayese mwai wace pa mlamba. Koma wodikira mlamba kuyambira m'mawa abwerera kawiri-kawiri cimanja-manja. Pomgwira cenjerani ndi minga ya m'mbali mwa mutu. Ndipo mwini dziwe anene poyamba ngati alola kuti acotsedwe, pakuti milamba iwiri kapena itatu m'dziwe ithandiza kudya ana a makumba oculukitsa.

Ena mwa inu anandifunsa kuti, kodi pakuphunzitsa anyamata mbedza sitiri kuphunzitsa mbala? Funso ili ndi loyenera, pakuti nsomba zibedwadi usiku, ndipo sindingakulonjezeni kuti mpikisano udzaletsa kuba. Koma mbala idziwa kale mbedza, siidikira Mlangizi. Cimene ndaona ine ndi cakuti mnyamata amene adziwa kuti tsiku lakuti adzawedza poyera, nadzatenga gawo lace pamaso pa mfumu, ayamba kuyang'anira dziwelo monga lace.

Pa nthawi yonse ya mpikisano munthu ali yense asunge nsomba zace m'dengu lomira m'madzi kapena m'ndowa ya madzi pa mthunzi. Mluzu ukalira, woyesa apite ndi sikelo pa cikhomo ciri conse, ndi mboni ziwiri. Nsomba zazikulu zonenepa, zoposa cikhatho ca dzanja, zibwerere m'dziwe zikatha kuyesedwa, kuti zikhale makolo. Zazing'ono zonse zituluke, ndipo pa kugawana ine ndiyesa kuti theka likhale la mwini dziwe ndi theka la wowedza, koma mupangane musanayambe, mfumu iri pomwepo. Mphotho ikhale khasu kapena mbale. Ndalama zibala ndeu, ndipo mowa udikire sikelo itapacikidwa. Asalowe munthu m'madzi kukakolola mbedza yokodwa, makamaka ana, cifukwa ca likodzo limene likhala m'nkhono za m'maiwe. Cingwe cikakodwa ciduleni.

Mlembi wa mudzi alembe m'buku tsiku, dzina la mwini dziwe, kulemera kwa nsomba zonse zoturutsidwa, ndi kuculuka kwace pa kilo imodzi. Mwini dziwe apitirize kuthira madeya ndi manyowa a ku khola monga kale, ndipo itapita miyezi itatu mudzawedzenso pa dziwe lomwelo ndi kuwerenganso. Bukulo mubwere nalo kwa ine pa tsiku la msonkhano.