Njira ya M'mphepete mwa Nyanja si Yosalala Ayi: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano Wathu wa Pachaka



Komiti inandipempha kuti ndifotokoze za njira imene tikuganiza kudzera pa ulendo wathu wa panjinga wosonkhetsa ndalama zokonzera denga la chipinda chogona atsikana kusukulu kwathu. Ulendowu ndi wochokera ku Salima kukathera ku Chitimba m'boma la Rumphi, mtunda wa makilomita pafupifupi 500. Njirayi ndaidutsa panjinga, ndipo mfundo yanga lero ndi imodzi: masiku a ulendo uno tiwagawe poyang'ana zitunda, mitsetse ndi mphepo. Tikangowerenga makilomita okha tidzapweteka anthu.

Ambiri a ife timaganiza kuti msewu wotsata nyanja uyenera kukhala wosalala ngati nyanjayo. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo ili m'chigwa chachikulu chimene chinapangika pamene nthaka inang'ambika n'kutitimira. Kumwera chigwacho n'chotambasuka, mapiri ali patali ndi madzi. Munthu akamalowera kumpoto mapiriwo amayandikira, mpaka kupitirira Nkhata Bay amachita kugwera m'madzi mwenimweni. N'chifukwa chake palibe msewu wa tala wotsata gombe kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Chiweta. Anthu a ku Usisya ndi ku Ruarwe amadalira kwambiri maboti ndi sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951. Ife a panjinga tilibe kuchitira mwina koma kukwera mpaka ku Mzuzu, kenaka n'kutsikiranso kunyanja.

Tsono ndiigawe njirayi m'zigawo.

Chigawo choyamba ndi Salima mpaka Nkhotakota pa msewu wa M5, makilomita pafupifupi 110. Kuno zitunda n'zochepa. Tidzadutsa pa Benga ndi pa Chia, pamene madzi a m'thamanda amalumikizana ndi nyanja ndipo nsomba zimagulitsidwa pamsewu. Vuto la kuno ndi dzuwa ndi magalimoto. Malo ena msewu ndi wopapatiza, m'mbali mwake tala anadyeka, ndipo pa milatho ina njinga ndi lole sizingadutse pamodzi. Pofika pa mlatho wotere tiziima, lole iyambe yadutsa. Ku Nkhotakota amene adzakhale ndi mphamvu akaone mtengo umene mbiri imati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo.

Chigawo chachiwiri ndi Nkhotakota mpaka Chintheche, ndipo ndikupempha kuti chitenge masiku awiri, tigone ku Dwangwa. Tidzaoloka mtsinje wa Bua ndi kudutsa m'minda ya nzimbe. Kupitirira Dwambazi mayendedwe amasintha. Kumayamba timapiri ting'onoting'ono totsatizana: wakwera, watsika, waoloka kamtsinje, wakweranso. Palibe kamodzi mwa timapiriti kamene kangaopse munthu, koma tikachuluka timadya miyendo mosadziwika. Tisanafike ku Chintheche tidzadutsa pafupi ndi Bandawe, kumene amishoni a Livingstonia anasamukira mu 1881 atachoka ku Cape Maclear, kumene anayambira mu 1875.

Chigawo chachitatu ndi Chintheche mpaka Nkhata Bay, makilomita pafupifupi 40 okha. Ndamva ena akuti tsiku limeneli tiliphatikize ndi lina chifukwa ndi lalifupi. Ine ndikukana. Msewu umachoka pagombe n'kulowa m'zitunda ndi m'minda ya mitengo ya labala ya ku Vizara, kumene ana amagulitsa mipira ya labala m'mbali mwa msewu. Dera limeneli limalandira mvula yambiri, kotero msewu ukhoza kukhala wonyowa ngakhale kwina kuli kouma. Tikafika ku Nkhata Bay tipume tsiku lathunthu. Tikaone chipilala chokumbukira anthu amene anaomberedwa padoko pa 3 March 1959, tichape zovala, ndipo njinga iliyonse ionedwe ndi wokonza.

Chigawo chachinayi ndicho chitunda chachikulu: Nkhata Bay mpaka Mzuzu, makilomita pafupifupi 50. Mzuzu ili pa mamita pafupifupi 1,250, kutanthauza kuti tidzakwera mamita oyandikira 800 tsiku limodzi, ndipo gawo lalikulu la kukwerako lili kupitirira pa Mpamba, miyendo itatopa kale. Tinyamuke kusanache bwino. Amene ali ndi njinga za magiya aike giya yopepuka chitunda chisanayambe, azipalasa atakhala pachishalo, mosathamanga. Amene ali ndi Humber kapena Hero ya giya imodzi adzatsika n'kumakankha, ndipo pasapezeke wowaseka. Amalonda a makala ndi a kabaza amakankha njinga m'zitunda zotere tsiku ndi tsiku ndipo amafika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chigawo chomaliza ndi Mzuzu mpaka Chitimba pa msewu wa M1, makilomita pafupifupi 130, kudzera ku Ekwendeni, Bwengu ndi Phwezi, kutsata chigwa cha mtsinje wa South Rukuru. Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse, abale anga, chifukwa ndi pamene pali moyo wa munthu. Pa Chiweta msewu umatsetsereka kuchoka pamwamba pa phiri mpaka kunyanja, wokhotakhota, mbali ina kuli phompho. Msewu womwewo ndi umene amadzera malole a mafuta ochokera ku Tanzania ndi onyamula malasha. Chitunda chimangotopetsa munthu, pamene mtsetse umapha.

Ndifotokoze chifukwa chake. Mabuleki a njinga zathu zambiri ndi timalabala tofinya limu. Munthu akagwira mabuleki osasiya pa mtsetse wautali, limu imatentha, labala amafewa n'kuyamba kuterera, ndipo nthawi zina chubu chimaphulika ndi kutenthako. Limu ikanyowa mabuleki amachedwa kugwira. Katundu wolemera pa kaliyala amaonjezera liwiro ndipo amakoka njinga pokhota. Motero malamulo a tsiku limenelo akhale awa. Timalabala tonse tikhale tatsopano. Katundu yense akwere galimoto yotiperekeza. Mabuleki onse awiri agwiritsidwe ntchito, kufinya ndi kusiya, kufinya ndi kusiya, ndipo liwiro lichepetsedwe musanalowe pokhota, osati muli kale pakati pake. Pakati pa njinga ndi inzake pakhale mpata woti basi ingakwanemo. Tiziima kawirikawiri kukhudza limu. Ikatentha moti dzanja silingapirire, tidikire izizire. Aliyense avale chisoti. Ndikupemphanso kuti chigawochi chitenge masiku awiri, kuti pa Chiweta tidzatsike m'mawa maso ali gwa, osati madzulo titatopa.

Achinyamata ena andifunsa za msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia, kumene Dr Robert Laws anasamutsirako mishoni mu 1894. Kuchoka pa Chitimba ndi makilomita pafupifupi 15, okhota mwamphamvu malo pafupifupi 20, ndipo munthu amakwera mamita opitirira 700. Malowo ndi oyenera kuwaona: kuli tchalitchi, nyumba yamiyala imene ankakhala a Laws, ndi mathithi a Manchewe. Koma langizo langa ndi lakuti njinga tizisiye pa Chitimba, tikwere wapansi kapena pagalimoto. Ulendo wathu udzakhala utatha kale, ndipo palibe chifukwa choti wina akathyoke mwendo pa tsiku lachikondwerero.

Kunena za nyengo, ndikupempha mwezi wa June kapena July. Nthawi imeneyo mvula yatha m'madera ambiri, kunja kwazizira, ndipo mphepo ya mwera imaomba kuchokera kumwera. Popeza ife tikulowera kumpoto, idzakhala ikutikankha kumsana. Ndicho chifukwa chake tikuyambira ku Salima osati ku Chitimba. Mwezi wa October ndi November kunyanja kumatentha koopsa, munthu akhoza kukomoka panjinga. Tisaiwale majuzi, chifukwa ku Mzuzu m'miyezi yozizirayi kumachita chifunga ndi mvula yowaza.

Pa za umoyo, ambiri a ife tinasiya sukulu kalekale ndipo mimba zakula. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, shuga kapena mtima akaonane ndi dokotala asanalembetse dzina. Tonse tiyambe kukonzekera miyezi itatu ulendo usanafike, kupalasa katatu pa sabata, ndipo kamodzi mwa katatuko kakhale ka m'zitunda. Panjira tizimwa madzi ludzu lisanatigwire, tinyamule Thanzi ORS, nthochi ndi mtedza. Tizigona m'masikito chifukwa kunyanja malungo ndi ambiri. Tisasambe m'mabango kapena m'madzi odikha chifukwa cha likodzo, ndiponso tisayandikire mathiriro a mitsinje chifukwa cha ng'ona. Aliyense akhale ndi pampu, zigamba, solushoni, chubu chapadera ndi sipanala.

A Wapampando, tikawerengera bwino ulendowu ndi wa masiku 8: asanu ndi awiri opalasa, limodzi lopuma. Ndikudziwa kuti ena amafuna masiku 5 kuti tichepetse ndalama za chakudya ndi malo ogona. Nkhawa yawo ndi yomveka, pakuti ndalama iliyonse imene tadya panjira yachoka pa malata a atsikana aja. Koma tikhoza kuchepetsa ndalamazo mwa njira ina: tilembere anzathu a m'bungwe lino amene ali ku Nkhotakota, ku Dwangwa, ku Nkhata Bay ndi ku Mzuzu kuti atipezere pogona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Mutu umodzi susenza denga. Masiku okha ndiwo tisadule.

Ndikupempha msonkhano uno kuti uvomereze masiku 8, galimoto imodzi yotiperekeza, ndi wokonza njinga mmodzi woyenda nafe. Amene sangathe kupalasa athandize ndi mafuta a galimotoyo kapena alonjeze ndalama pa kilomita iliyonse. Mlembi ali ndi pepala la maina pakhomo potuluka.