TIWETE MPHALABUNGU PAKHOMO

Lero tikambirane za mphalabungu, ndiwo ya makolo athu.

Kuno ku Tete, makamaka ku Changara ndi ku Mágoè, kuli mitengo yambiri ya tsanya. Mphalabungu zimadya masamba a mitengo imeneyi. Koma mitengo ikutha ndi nkhwangwa, makala ndi moto wa m'tchire. Tsanya akatha, mphalabungu nazo zidzatha. Nanga ana athu adzadyera chiyani nsima? Mphalabungu zouma ndi chakudya chomanga thupi monga nyama ndi nsomba.

Poyamba tidziwe moyo wake. Mai wa mphalabungu ndi gulugufe wamkulu wouluka usiku. Iye alibe pakamwa podyera, ndipo amakhala masiku ochepa okha. Ntchito yake ndi kuikira mazira pa masamba. Mazira amaswa patapita masiku ngati 10. Timbozi timadya masamba kwa masabata ngati 6, ndipo timafundula khungu kanai. Zikakhwima zimatsika mu mtengo ndi kulowa m'dothi. Zimagona m'menemo kufikira nyengo yake itakwana, ndipo zimatuluka zili agulugufe.

Tsono kuweta kwake ndi kotere. Mvula ikayamba, funani masamba okhala ndi mazira. Amangirireni pa nthambi ya tsanya wa pafupi ndi nyumba. Vekani nthambiyo neti yakale ya udzudzu, ndipo mumange kukamwa kwake ndi luzi. Mukatero mbalame ndi mavu sizidzafikako. Masamba akatha, samutsirani timbozi pa nthambi ina. Musatipanikize pamodzi, tingafe ndi njala ndi matenda.

Zikakula, tolani zakudya. Zifinyeni, ziwiritseni ndi mchere, ndi kuziyanika pa dzuwa. Zikauma bwino zimasungika miyezi yambiri, ndipo zina mungagulitse pa msika.

Koma mverani ichi, anzanga: musatole zonse. Mlimi wanzeru sadya mbeu. Limani dothi la pansi pa mtengo kuti lifewe, ndipo mulole zina zilowemo. Mangani mpanda kuti nkhuku ndi nkhumba zisafukule. Pamalopo musasonkhe moto.

Ntchito imeneyi ndi ya mudzi wonse. Tipangane kuti asapezeke wodula mtengo chifukwa chofuna mphalabungu za m'mwamba. Ndipo popeza tsopano tikuphunzira kulemba, aliyense alembe m'kope mwake tsiku limene anaona mazira ndi tsiku limene anatola. Chaka chamawa tidzawerengera pamodzi zimene talemba.