Bogi imene agogo anakwera pa Chipoka: tiyeni tiimange pa kompyuta

Ena mwachokera kunyanja m'mawa womwe uno, maso ali psuu ndi tulo, ndiye ndiyesetsa kusatalikitsa. Komiti inandipempha kuti ndifotokoze zimene ndimachita pa laputopu ija usiku, poti mphekesera yafika mpaka kumsika yoti mwana uja chilembereni mayeso a MSCE wangosanduka wa magemu. Mbali ina akunena zoona. Ndimamanga mabogi a sitima yapamtunda, koma a m'kompyuta.

Pali magemu ena amene mulibe mpira, mulibe mfuti. Iwe umangokhala dalaivala wa sitima: umadzutsa injini, umasunga liwiro, umagwira mabuleki kuti uime pa siteshoni nthawi yake. Amawatcha ma train simulator. Microsoft Train Simulator inatuluka mu 2001, ina yotchedwa Trainz ya ku Australia inatulukanso chaka chomwecho, ndipo lero kuli Open Rails imene ndi yaulere. Ine ndimagwiritsa yomalizayi, chifukwa chake mukuchidziwa kale, m'thumba muli mbee. Koma chimene chinandikopa si kuyendetsako ayi. Zinthu zambiri zimene zili m'magemu amenewa, njanji, milatho, masiteshoni, mabogi, sizinapangidwe ndi kampani. Amapanga ndi anthu wamba, ena ndi madala opuma pa ntchito, kenako n'kugawana pa intaneti, kawirikawiri kwaulere.

Amene amaikirapo mtima kwambiri pa za mabogi akale ndi a ku America, ndiye ndi kwa iwo kumene ndinaphunzirira. Kumeneko kunali munthu wina dzina lake George Pullman, wa ku Chicago, amene anatchuka ndi mabogi ogonamo kuyambira m'ma 1860. Kuchokera cha m'ma 1910 mabogi a kampani yake anali achitsulo chokhachokha, obiriwira modera, olemera pafupifupi matani 80, mawilo 12 pansi pake. Mtundu wofala kwambiri unkatchedwa 12-1: zigawo 12 zimene masana zinali mipando, usiku n'kusanduka mabedi awiri, wapansi ndi wam'mwamba, kuphatikiza chipinda chimodzi cha olemera. Mu 1934 kampani ina, Budd, inatulutsa sitima yonyezimira ya chitsulo chosachita dzimbiri, Pioneer Zephyr, ndipo fasho inasintha. Pullman inasiya kuyendetsa mabogi ogonamo kumapeto kwa 1968, ndipo mu 1971 sitima zambiri za anthu zinapita m'manja mwa Amtrak.

Mabogi ambiri aja anaphwanyidwa kalekale, koma lero utha kulowa mkati mwake pa sikirini, kuona nyali, makatani, ngakhale kachitsulo kokolekapo chipewa. Anthu amakangana sabata yathunthu kuti kodi zenera la kuchimbudzi linali kumanzere kapena kumanja. Poyamba ndinkaseka, kuti madala awa asowa chochita eti? Koma mkangano wawo umatha, chifukwa ali ndi pogwira. Mapulani a Pullman anasungidwa ku Illinois Railway Museum, makalata a kampaniyo ali ku Newberry Library ku Chicago. Wina akangotulutsa pepala lokhala ndi miyeso, nkhani yatha pompo.

Kamangidwe kake sikasiyana kwenikweni ndi zimene timaona padooko. Pulogalamu yake ndi Blender, yaulerenso. Umayamba ndi kuika pulani kapena chithunzi kumbuyo, n'kuyamba kukoka mizere potsatira miyeso, monga mmisiri wa maboti amayambira ndi msana ndi nthiti asanakhome matabwa. Chimene chimatuluka amachitcha mesh, ndipo mukachiona mudzati ndi ukonde basi. Chili ndi maso ngati ukonde. Maso akakhala ang'onoang'ono ambirimbiri, bogi imaoneka yosalala bwino, koma kompyuta imalemedwa, gemu n'kumayenda modukizadukiza. Akakhala akuluakulu, wilo limaoneka ngati lasemedwa ndi nkhwangwa. Luso lonse lagona pa kudziwa pofunika maso ambiri ndi posafunika. Misomali ya m'mbali mwa bogi, imene ilipo mazanamazana, suimanga umodziumodzi, umangoijambula pa khungu lake. Khungulo ndi chithunzi chafulati chimene umaveka bogi, ndipo kuti chikwane umayamba wayala bogi yonse pansi zidutswazidutswa, monga telala amadulira nsalu ya diresi. Achemwali amene mukuphunzira zosoka, gawo ili mungatipose tonse.

Ukamaliza thupi, pamatsala kafayilo ka mawu okhaokha kouza gemu kuti bogiyi ndi yolemera bwanji, ndi yaitali bwanji, mabuleki ake ndi amtundu wanji, imalumikizana bwanji ndi inzake. Ukalemba kulemera kolakwika, sitima imakwera phiri ngati ilibe katundu, ndipo odziwa amakugwira tsiku lomwelo. Apa ndi pamene masamu ndi fizikisi ya fomu 3 ija, imene tinkati tidzaigwiritsa kuti, inandipeza.

Tsopano ndifike pa chimene ndaimirira pano. Ndasakasaka m'malo amene anthu amagawanamo zinthuzi. Za ku America ndi zosawerengeka, za ku Britain, Germany, India zilipo, ngakhale za ku South Africa ndinazipeza. Bogi ya Nyasaland Railways kapena Malawi Railways, ine sindinaionepo ngakhale imodzi.

Wina anena kuti nanga ife a kwa Malenga Chanzi zikutikhudza bwanji, poti njanji sinafike n'komwe ku Nkhotakota? Zoona, yapafupi ili ku Salima, makilomita opitirira 100 kuchokera pano. Ambiri m'chipinda chino sitinakwerepo sitima yapamtunda. Koma tamverani mbiri yake. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera kumunsi kwa Shire. Mu 1935 anamaliza mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi, wotalika pafupifupi makilomita 3.7, ndipo chaka chomwecho njanji inafika ku Salima kudzera pa Chipoka. Kuyambira pamenepo munthu ankatha kuchoka m'mbali mwa nyanja ino pa sitima mpaka ku Beira. Ilala imene timaidziwa tonseyi inamangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira pa njanji yomweyi, n'kuyamba ntchito mu 1951. Ndiye kuti ngakhale sitima yathu ya pamadzi inakwerapo sitima yapamtunda.

Ndipo ndi njira imeneyi imene anthu a kuno ankadutsa popita kukasaka ntchito. Agogo anga aamuna amasimba kuti anakwera Ilala pano, kukatsika pa Chipoka, kukwera sitima mpaka Limbe, kenako kuwoloka Zambezi, kukasintha pa Dondo, ulendo wa ku Salisbury, kumene lero timati Harare. Ena anapita ku Joni ndi Wenela. Ena anabwerako ndi njinga, wailesi ndi sutikesi, ena anatchona mpaka lero. Pafupifupi banja lililonse pano lili ndi munthu amene anapita motero. Bogi imene anakhalamo masiku awiri atatu, kamba wa mbatata ndi nsomba zouma ali pamwendo, ndi mbali ya mbiri ya mudzi uno ngati mmene ulili mkuyu wa Livingstone ku Linga. Kusiyana kwake n'koti mtengowo ulipo, alendo amaujambula, pomwe bogiyo palibe wa msinkhu wathu amene angaifotokoze.

Ine maganizo anga ndi akuti tiyambe ndi bogi ya kalasi yotsikitsitsa, imene munkakwera anthu akuda nthawi ya atsamunda. Ndikudziwa kuti ya azungu ndi imene ingaoneke bwino pa Facebook, ndiponso ndi imene ili ndi zithunzi zambiri, poti makamera anali m'manja mwawo. Koma ndinaphunzira kanthu kwa a ku America omwewo. Kum'mwera kwa dziko lawo malamulo ankalekanitsa anthu m'sitima potengera khungu. Mu 1892 Homer Plessy anamangidwa ku Louisiana chifukwa chokhala m'bogi ya azungu, ndipo mu 1896 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti kulekanitsako n'kololedwa. Lero ku Washington, m'nyumba yosungira mbiri ya anthu akuda imene inatsegulidwa mu 2016, muli bogi yeniyeni ya Southern Railway yokhala ndi khoma pakati. Amene amamanga bogi yotere pa kompyuta n'kusiya khomalo, wamanga bodza, ngakhale misomali yonse atailondola. Chimodzimodzinso ogwira ntchito m'mabogi a Pullman aja, oyala mabedi ndi kupukuta nsapato, anali anthu akuda, oyambirira ambiri anali atangotuluka mu ukapolo. Okwera ankangowaitana onse kuti George, dzina la mwini kampani, ngati alibe awo maina. Mu 1925 anakhazikitsa bungwe lawo motsogozedwa ndi A. Philip Randolph, ndipo zinawatengera zaka 12 kuti kampani isaine nawo mgwirizano. Kuno ku Nkhotakota, kumene Jumbe ankawolotsera akapolo panyanja, nkhani ngati imeneyi sitifunika kuimasulira kwambiri.

Vuto lathu ndi pogwira. Pa zinthu zina tili ndi mwayi. Njanji yathu ndi yopapatiza, mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwiri, pomwe ya ku America ndi 1,435. Koma muyeso wathuwu ndi womwewo wa ku South Africa, Zimbabwe ndi Zambia, ndiye njanji ndi mawilo tingathe kupempha kwa anzathu amene anamanga kale. Nambala imeneyi imathandizanso pena: ukakhala ndi chithunzi cha bogi yojambulidwa chakutsogolo ili pa njanji, umadziwa kale kutalikirana kwa zitsulo ziwirizo, ndiye pochita masamu a magawo umapeza m'lifupi ndi msinkhu wa bogi yonse. Zithunzi zakale tingakafunse ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre. Ku Chichiri Museum kuli injini yakale ya moto imene munthu angaione ndi maso, ndipo amene muli ndi abale ku Limbe, kumene sitima ya anthu ya ku Balaka ndi Nayuchi imanyamukira, atithandize kujambula ndi kufunsa kwa amene anagwirapo ntchito ya njanji.

Koma zithunzi za nthawi imeneyo zambiri ndi zopanda mtundu, zakuda ndi zoyera, ndiponso n'zakunja kwa bogi. Sizingakuuze kuti penti inali yofiirira kapena yobiriwira. Sizingakuuze ngati mabenchi anali oyang'anizana kapena otsata khoma, ngati mazenera anali a galasi kapena a matabwa, madzi akumwa anali pati, nyali inali yotani, katundu ankamuika kuti. Zimenezi zili m'mitu mwa anthu amene anakhalamo. Mnyamata amene anakwera pa Chipoka mu 1960 ali ndi zaka 20, lero wapitirira zaka 80. Tawerengani nokha kuti m'mudzi mwanu atsala angati, ndipo chaka chathachi taika angati. Laputopu ingathe kudikira, bandulo tidzagula mwezi wamawa, koma madala amenewa satidikira.

Nditafunsa agogo za mtundu wa bogi, anati yofiirira ngati dothi la katondo. Anzawo amene amasewera nawo bawo anakana, akuti inali ndi mzere woyera m'munsi mwa mazenera. Anakangana mpaka bawo linaima. Mwina onse akunena zoona, wina anakwera chaka china, wina chaka china, kapena wina akukumbukira bogi ya ku Rhodesia imene anasinthira kutsogolo. N'chifukwa chake munthu mmodzi sakwanira. Tikufunika kumva kwa anthu khumi kapena kuposa, aliyense payekha, tikulemba chaka ndi njira imene anadutsa, kenako tifananize. Ndipo tisaiwale agogo aakazi. Ena anatsatira amuna awo ku Harare ndi ku Bulawayo ana ali kumsana, ndipo iwo ndi amene angakumbukire bwino za madzi ndi chimbudzi, zimene madala amangozidumpha.

Pa funso limene makolo amandifunsa, loti kodi zimenezi zimadyetsa, sindikulonjezani ndalama. Bogi tikaimaliza tidzaipereka kwaulere. Koma Blender yomweyi ndi imene ena amajambulira mapulani a nyumba, mipando ndi makatuni otsatsa malonda, ndiye amene aphunzire sataya nthawi. Laputopu ilipo imodzi, yanga, batire lake limakhala ola limodzi magetsi akazima, koma tingasinthane. Ntchito yofunsa ija ndiye siifuna laputopu n'komwe, foni yojambula mawu kapena kope ndi bolopeni basi.

Ndalemba mafunso 15 pa pepala, alembi ali nalo ndipo aliika pa gulu lathu la WhatsApp madzulo ano. Mukapita kwa agogo, pitani awiriawiri, mupereke moni bwinobwino, mufotokoze chimene mwadzera, ndipo mupemphe kaye musanayatse foni. Musawauze mtundu umene wina wanena kale, ayambe okha. Ngati akutha kugwira pensulo, apatseni ajambule mmene mabenchi anakhalira, kapena ajambule pamchenga inu mutole chithunzi. Akatulutsa tikiti yakale, chitupa kapena chithunzi m'sutikesi, musatenge, ingojambulani n'kuwabwezera pomwepo. Amene mukufuna kuona mmene mesh ija imaonekera, tsalani tikatseka msonkhano, ndabwera ndi bogi ya Pullman imene ndikuphunzirirapo, denga lokha ndi limene silinathe. Tidzakumanenso Loweruka la sabata yamawa 2 koloko masana, aliyense ndi zimene wamva.